Kodi msilikali wopuma akasiya mowa, nkhanza za m'banja zimatha?

Wofunsa:
Akuluakulu, tithandizane maganizo. Pa nkhani ya asilikali opuma ntchito omwe amaledzera n'kumamenya akazi awo, ena akuti ingochizani uchidakwawo, kumenyako kudzatha kokha. Ena akuti mowa n'chonamizira chabe. Zoona n'ziti? Nanga chithandizo chake chimayambira pati?

Mlangizi wa mabanja:
Mowa ukachizidwa nkhanza zimatsikadi, ndipo zimatsika kwambiri. Timothy O'Farrell, yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku chipatala cha asilikali opuma cha VA ku Boston, m'dziko la America, adafalitsa kafukufuku mu 2004 wa amuna 303 omwe adalandira uphungu limodzi ndi akazi awo. Chaka chomwe asanayambe chithandizo, 60 mwa 100 aliwonse adachitapo nkhanza. Chaka chotsatira adatsala 24. Mwa omwe adasiyiratu mowa adali 12, chimodzimodzi ndi amuna opanda vuto la mowa, pomwe mwa omwe adayambiranso kumwa adali 30. Koma taonani, 12 ija idakalipo. Alipo amuna omenya ali bwinobwino osalawa n'dontho lomwe.

Njirayi imatchedwa Behavioral Couples Therapy. Banja limakumana ndi mlangizi maulendo 12 mpaka 20. Tsiku lililonse bambo amauza mkazi wake kuti lero sindimwa, mayi amathokoza, kenako amachonga pa kalendala. Ngati pali mankhwala, bambo amamwera pomwepo mayi akuona. Zolakwa zakale sazikumba kunyumba, amazisungira tsiku lokaonana ndi mlangizi.

Chomwe alangizi atsopano amaphonya ndi ichi: musanawakhazike pamodzi, funsani aliyense payekha, chitseko chili chotseka. Mayi akanena kuti amamuopa mwamunayo, adavulazidwapo mpaka kupita kuchipatala, adakanyangidwapo pakhosi kapena adaopsezedwapo ndi chida, uphungu wa awiri usachitike. Zomwe angaulule pamaso pa mwamuna wake akazilipira madzulo kunyumba.

Namwino wa za uchidakwa:
Ndiwonjezere za kuchipatala. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asangosiya yekha kunyumba. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza amayamba kunjenjemera, thukuta ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba angathe kugwa ngati wa khunyu, ndipo tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Izi zimapha. Kuchipatala amapereka mankhwala okhazika mtima pansi otchedwa diazepam kwa masiku ochepa, akuchepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi thiamine woteteza ubongo. Masiku amenewa munthu amakhala wosachedwa kupsa mtima, choncho mayi ndi ana akhale ndi kothawira.

Akadutsa pamenepo, naltrexone wa 50 mg kamodzi patsiku, kapena jekeseni ya 380 mg kamodzi pamwezi, amachepetsa chibaba. Funsani kaye za mankhwala opha ululu. Asilikali opuma ambiri ali ndi misana ndi maondo ovulala, ndipo amene akumwa morphine kapena tramadol akapatsidwa naltrexone amadwala nthawi yomweyo. Ayenera kukhala masiku 7 mpaka 10 osamwa mankhwala amtunduwo. Wa chiwindi chofooka amamupatsa acamprosate, 666 mg katatu patsiku, impso zikakhala zabwino. Ambiri amauleka chifukwa kumwa katatu patsiku n'kotopetsa.

Koma disulfiram, omwe ndi mankhwala ena a uchidakwa, asaikidwe m'chakudya mobisa. Munthu akamwa mowa ali ndi mankhwalawa m'thupi amasanza, mtima n'kumathamanga, ndipo akadziwa amene wamuikira, ngozi imagwera mayi uja.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga uja amene amadzidzimuka usiku ndi maloto a kunkhondo, ayambe wasiya mowa ndiye adzachizidwe zimenezo?

Katswiri wa za maganizo:
Ayi achimwene, kale ankatero koma pano zonse zimachizidwa nthawi imodzi. Ambiri odwala PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa ngati nkhondo, amamwa kuti apeze tulo. Mukangochotsa botolo malotowo n'kuwasiya, posachedwa abwerera. Prolonged Exposure (kukumbukira ndi kufotokoza zoopsazo mobwerezabwereza mpaka mantha atachepa) ndi Cognitive Processing Therapy (kuunikanso maganizo omwe zoopsazo zidasiya) ndi njira za uphungu zomwe zimathandiza, ndipo diazepam asapitirire kupatsidwa ngati mankhwala a tulo, amangosanduka chizolowezi china.

Kumenyako nakonso kumafuna chithandizo chakechake. Ku VA kuli pulogalamu ya Strength at Home yomwe adayambitsa Casey Taft: gulu laling'ono limakumana maola awiri pa sabata kwa masabata 12. Amaphunzira kuona mmene maso omwe adazolowera kusaka mdani amayambira kuona chiwembu mwa mkazi amene wangochedwa kuyankha foni. Amaphunziranso kuchokapo mkwiyo usanafike pachimake: anene kuti ndikutuluka ndipo ndibwera nthawi yakuti, asayendetse galimoto, asapite kokamwa, akabwera nkhani ija ayimalize. Kuchokapo osanena kanthu n'kumenya chitseko ndi chiopsezo china basi.

Za mfuti funsani mosapsatira pa tsiku loyamba. Ngati ilipo m'nyumba, ikasungidwe kwina mololedwa ndi malamulo mpaka chithandizo chitakhazikika. Ndipo poyeza ngati zinthu zikusintha musadalire mawu a bambo okha. Imbirani mayi panthawi yomwe iye mwini wasankha, ndipo yambani mwamufunsa ngati ali yekha.