Za nkhunzi ya Brahman ndi bungwe la ng'ombe kwathu ku Malingunde

Wapampando:
Mwaswera bwanji abale anga nonse. Nkhani ija tinaisiya panjira Lamulungu ku Area 25 ndati tiimalizire pa gulu pano poti ambiri simunabwere. Eni ng'ombe kumudzi agwirizana zoyambitsa bungwe lawo la ng'ombe za nyama, ndiye atipempha ife a m'tauni kuti ndalama yachitukuko ya chaka chino ipite kumeneko. Funso ndi loti bungwelo liyambe ndi chani, ena akuti nkhunzi ena akuti dibi. Lankhulani momasuka koma mwaulemu chonde.

Achimwene a ku Joni:
Zikomo apampando. Ine maganizo anga mukuwadziwa kale, tigule nkhunzi ya Brahman basi. Kuno ndagwirapo ntchito pa famu zaka zingapo ndipo ndaona ndi maso angawa, mwana wa Brahman wa chaka chimodzi amatha kulingana ndi ng'ombe yathu yoti yabereka kale. Ndikabwera kumudzi ndimamva chisoni kuona ting'ombe tathu tija, nthiti zokhazokha, munthu waweta zaka zisanu koma akagulitsa ndalama yake yosakwanira ndi feteleza yemwe. Tisinthe mtundu abale anga, Brahman nayo ndi ya linunda ngati zathu, dzuwa siiliopa.

Malume a kumudzi:
Mphwanga walankhula bwino koma undimvere kaye. Ine ndinagulapo nkhunzi yamakono yosakaniza, yokongola yotuwa makutu olendewera, anthu ankachita kubwera kudzaiona pakhola. Sinathe ndi dzinja limodzi lomwe. Inayamba kutupa mwanabere pansi pa makutu, thupi kutentha, kupuma movutika, pomwe alangizi amafika inali itagona kale thovu lili m'mphuno. Anati ndi matenda a nkhupakupa zija zokonda kukhala m'makutu. Zanga zakale zinali m'khola lomwelo, nkhupakupa zomwezo, koma mpaka lero zilipo zikukoka ngolo. Ndiye mukamati nkhunzi ine mtima umagunda. Komanso mu Okutobala dambo limauma gwa, zathuzi zimapirira ndi mapesi, nanga chinyama chachikulucho chidzadya chani?

Mayi Msungichuma:
Malume mwandilankhulira. Ine funso langa ndi la ndalama. Tikagula nkhunziyo thumba lonse latha, sipatsala ya mankhwala kapena ya madeya. Izigona khola la ndani? Ikadwala usiku alipire ndani? Nanga akuba ng'ombe akamva kuti kwa uje kuli nkhunzi yodula, mwini kholayo azigona tulo? Tinaonapo zinthu za gulu zikusanduka za banja limodzi, sindikufuna tidzadane pa maliro chifukwa cha ng'ombe.

Achimwene a ku Joni:
Mayi zimenezo ndi zoti komiti ikhoza kukonza. Tisaope chitukuko chifukwa cha akuba.

Mdzukulu wa ku Bunda:
Pepani akuluakulu ndilowerepo pang'ono, ndilemba motalika mundikhululukire. Ine ndikuona ngati tadumpha funso lenileni. Achimwene, nkhunzi mumaziona kumeneko zija zimadula chifukwa cha pepala lomwe limayenda nazo, ndipo pepalalo limachokera ku bungwe. Ntchito yoyamba ya bungwe la mtundu wa ng'ombe kulikonse ndi kusunga kaundula, kuti ng'ombe iyi mayi wake ndi uyu, bambo wake ndi uyu, inabadwa tsiku lakuti, inkalemera mwakuti posiya kuyamwa. Kenako amagwirizana kuti ng'ombe yabwino ya mtundu wawo izikhala yotani, yosafika pamenepo imafulidwa kapena kugulitsidwa ya nyama, siiloledwa kubereketsa.

Brahman yomweyo sinagwe kumwamba. Inapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za linunda za ku India, ndipo bungwe lawo la American Brahman Breeders Association linayamba mu 1924, ndiye tangoganizani zaka zonsezi akungolemba ndi kusankha. Koma chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha Boran. Imeneyo inali ng'ombe yam'mudzi ngati yathuyi, ya abusa achi Borana kumwera kwa Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya. Alimi a ku Kenya anayamba kusankha zabwino mwa zomwezo, mu 1951 nkukhazikitsa bungwe lawo, lero Boran ikuwetedwa mpaka ku South Africa ndi Australia. Tuli ya ku Zimbabwe nayo inachokera m'makola a anthu wamba momwemo. Ndiye Malawi Zebu yathuyi tisainyoze, ndi yaing'ono inde koma imapirira nkhupakupa ndi chilala, ndipo boma lomwe limaiweta ku Dzalanyama Ranch konkuno kufupi ndi kwathu. Chomwe ikusowa ndi munthu woilembera ndi kuisankha.

Aphunzitsi opuma:
Mwana iwe wandikumbutsa chinthu chomwe chakhala chikundiwawa zaka zambiri. Tazionani zomwe timachita kumudzi. Mwana wamphongo akabadwa wojintcha, wamiyendo yabwino, timati uyu ndi wa ngolo, timamufula. Kukagwa maliro kapena chiliza timaloza yonenepa kuti anthu asatiseke. Fizi ikavuta timagulitsa yaikulu poti ndiyo ili ndi ndalama. Ndiye m'khola mumatsala ndani? Kankhunzi konyentchera kaja palibe amene anakafuna, ndipo ndi komweko kamakwera zazikazi zonse za m'dambo, ana ake omwe, azilongo ake omwe, chaka ndi chaka. Ife tomwe takhala tikusankha ng'ombe chobwerera m'mbuyo kenako nkumadabwa kuti bwanji zikuchepa. Ndili mwana ng'ombe za agogo anga sizinali zazing'ono chonchi ayi.

Malume a kumudzi:
Aphunzitsi pamenepo mwalasa. Ine ndemwe ndinafula ziwiri zabwino chaka chatha chifukwa cha ngolo, sindikana.

Achimwene a ku Joni:
Ndamva zonse ndipo mdzukulu wathu waphunzira, sinditsutsa. Koma tinene chilungamo, ng'ombe imatenga miyezi 9 ili ndi bere, mwanayo kuti adzafike pobereka ndi zaka zitatu kapena kuposa kwa ng'ombe zathuzi, ndiye kusankha mukunenako phindu lake tidzaliona liti? Anthu kumudzi akufuna ndalama panopa, kope silinenepetsa ng'ombe. Ife tikapita kukawauza kuti takubweretserani bolopeni ndi kaundula adzatiseka, adzati ana a m'tauni adya ndalama.

Mlamu wa ku Mitundu:
Alamu dikirani, ndalama ya msanga ilipo koma siili mu nkhunzi. Ine ndimakhala pafupi ndi msika ndimaona mmene anthu athu amaberedwera. Wogula amangoizungulira ng'ombe kawiri, kuimenya pambuyo, nkutchula mtengo wa m'mutu mwake, mwini wake poti mwana wathamangitsidwa ku sukulu amangovomera. Inenso zinandichitikira, wa butchala wina ananditengera mthena wanga pa mtengo wolira, mawa lake ndinapeza akugulitsa nyama yake pa kilo, nditawerengera ndinangokhala pansi. Pali tepi ina yoyezera ng'ombe pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, imakuuza makilo moyerekeza, siidula ngati sikelo. Bungwe litakhala nayo, nkumasonkhanitsa ng'ombe zogulitsa tsiku limodzi, kuitana ogula angapo kuti apikisane, kalata ya avetenale yoyendetsera ng'ombe nkutengeratu pamodzi, anthu aona kusintha chaka chomwechi. Komanso zonenepetsera m'khola zija makolo athu ankachita, mthena kuutsekera miyezi ingapo ukudya madeya, mapesi ndi masangwi a mtedza, bwanji tinazisiya? Mtedza kwathu timalima wambiri masangwi ake timangootcha.

Mdzukulu wa ku Bunda:
Eya ndipo tepi yomweyo ndi imene tizidzayezera ana a ng'ombe polemba mu kaundula, ndiye chida chimodzi ntchito ziwiri. Achimwene sindikuti Brahman ndi yoipa ayi, ku Chikwawa ndi Nsanje ziliko zambiri zosakaniza ndipo nyama yambiri ya m'tauni imachokera kumeneko. Koma ili ndi nthawi yake. Kang'ombe kakakazi kakang'ono kakatenga bere la nkhunzi yaikulu nthawi zina mwana amakanirira pobadwa, mukhoza kutaya onse awiri. Ndiye pamafunika kudziwa zazikazi zikuluzikulu zomwe zabereka kale bwinobwino, ndipo zimenezo mungazidziwe bwanji popanda kulemba? Chinanso ng'ombe za midzi yonse zimakumana dambo limodzi, mukabweretsa Brahman tinkhunzi tosafula tija tikadali pomwepo, ana ambiri adzakhalabe a tomweto, ndalama yapita pachabe.

Za matenda anapha nkhunzi ya agogo a kumudzi aja, mmene afotokozeramo zikufanana ndi East Coast Fever. Katemera wake amapangidwa mu Lilongwe momwe muno ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, amabaya kachirombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, ng'ombe ikalandira kamodzi imatetezeka moyo wake wonse. Koma ndi wofunika kusungidwa mozizira kwambiri ndiponso kubayidwa ndi munthu wophunzitsidwa, ndiye mlimi mmodzi payekha ndi zovuta, pomwe bungwe likhoza kusonkhanitsa ana a ng'ombe ambiri tsiku limodzi nkuitana alangizi. Komabe katemerayo sachotsa dibi, nkhupakupa zimabweretsanso matenda ena.

Aphunzitsi opuma:
Kale dibi inali lamulo, tsiku lake likafika mbandakucha fumbi lokhalokha ng'ombe zikupita, wojomba ankayankha mlandu. Dibi yathu ija khoma lake lilipo, chofunika ndi kumata ming'alu, denga, ndi kugwirizana kuti aliyense azisonkha kangachepe pa ng'ombe iliyonse kuti mankhwala asamathe. Koma ndichenjeze za kaundulayo. Kwathu ng'ombe zambiri si za munthu mmodzi, ndi za mbumba, woyang'anira ndi mwinimbumba. Mukangolemba dzina la amene akuzisungayo mawa adzati ndi zanga boma likudziwa, mlandu mpaka kwa agulupu. Mulembe dzina la khola ndi la banja, ndipo azimayi eni mbumba akhalepo polemba.

Mayi Msungichuma:
Zoona aphunzitsi, ndipo mu komiti ya bungwelo azimayi akhalemo osati ongophika pa miting'i. Ine ndawerengera mwachangu, tikasiya nkhunzi ndalama ilipoyi ikhoza kukwanira simenti ya dibi, mankhwala oyambira, tepi, ndolo za manambala zoika m'makutu ndi chida chofulira chija chosacheka ndi mpeni. Ndolozo zithandizanso ng'ombe ikabedwa, pokanena ku polisi umakhala ndi chosonyeza. Mitengo yeniyeni ndikafunse Lachiwiri ndidzaponya pano.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino ndagonja theka. Koma mulembe mu maminitsi kuti nkhani ya Brahman sinafe, dibi ikayenda zaka ziwiri osadukiza ndipo tinkhunzi tachabechabe tikafulidwa, tidzaikambenso, ndipo ana ake osakanizawo azidzapita konenepetsa osati kusiyidwa kuti asokoneze mtundu wonse. Ine ndidzasonkha gawo lalikulu pa nkhunziyo. Chomwe ndikuopabe ndi chakuti kufula nkhunzi ya mwini wake si masewera, munthu adzakuuzani kuti yanga musaikhudze, ndiye bungwe lidzatani?

Wapampando:
Funso limenelo ndi lolemera ndipo sitingaliyankhe ife a pa WhatsApp, likufunika mafumu ndi eni ng'ombe akhale pansi apange lamulo lawo okha, ife tikalamula kuchokera ku tauni zikanika. Ndiye tipange chonchi, Loweruka la sabata ya mawa ine, mayi msungichuma ndi mdzukulu wathu tipita kumudzi, tidzera kwa alangizi a ziweto kuti tipite nawo limodzi akaone dibiyo ngati ingakonzeke. Mlamu wa ku Mitundu mutipeze konko. Malume mutiuzire agulupu ndi eni makola onse, azimayi omwe, tikumane pa dibi pomwepo 9 koloko mmawa.

Malume a kumudzi:
Ndiwauza mawa ku tchalitchi. Mdzukulu ubwere ndi kope lalikulu lachikuto cholimba, uyambire khola langa anthu aonere. Ndili ndi yaikazi ina yofiira yabereka kasanu osataya mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo mwana wake wamphongo wa chaka chino ndinati ndimufule mwezi wa mawa, ndamusiya kaye mpaka mudzamuone.