Ndithandizeni: kodi kuyenda ndi mpeni usiku ndi mlandu ngakhale uli wa ntchito?

Moni nonse a m'gulu muno. Nkhani iyi yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndifunse kwa odziwa.

Ndimaotcha kanyenya wa mbuzi pa Chinkhoma. Ndimagona kumudzi, ndimayendera njinga yakapalasa, ndipo njira yake imadutsa padambo lopanda nyumba. Nyengo ino ya fodya malonda amatha mochedwa, poti alimi ndi madalaivala odikira kutsitsa mabelo ku okushoni amadya mpaka usiku. Ndimaweruka cha m'ma 9 kapena 10, ndalama zili m'thumba, mipeni ndi kachikwanje kodulira mafupa zili pakaliyala. Pamsika sindingazisiye, benchi yanga ilibe pokhoma.

Sabata yatha anyamata a neba anandiimitsa. Ataunika ndi tochi anapeza mpeni umodzi ndausomeka m'chiuno. Ndinausomeka dala, chifukwa mwezi watha wakabaza wina anakhapidwa padambo lomwelo, njinga yamoto n'kupita. Anati akananditengera kupolisi, koma mwayi mmodzi wa iwo amagula nyama kwa ine.

Ndiye lamulo limati chiyani kwenikweni? Achifwamba akuyenda ndi zikwanje, ine wosaka fizi ya ana ndiziyenda chimanjamanja? Ndipo atandiukira ine n'kumubaya, mlandu ukhala wa ndani?

Wapolisi wopuma, Mtunthama:
Achimwene, anyamatawo sanalakwe. M'malamulo athu a milandu, Penal Code, muli ndime yoletsa kukhala ndi chida choopsa pamalo opezeka anthu popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, ndipo msewu ndi malo otero. Mpeni pawokha sunaletsedwe. Mlimi wopita kudimba ndi chikwanje, mmisiri ndi sompho yake, inu ndi mipeni ya nyama, nonse muli ndi chifukwa. Chimene chimaonedwa ndi kanyamulidwe, nthawi ndi cholinga. Mipeni yokulunga m'chiguduli, yomangidwa pakaliyala pamodzi ndi beseni ndi mbale, imadzifotokoza yokha. Koma ya m'chiuno 10 koloko usiku, mwini wake n'kumanena yekha kuti ndi yobayira munthu, pamenepo mwadzipereka nokha.

Za kudziteteza, lamulo limalola, koma mphamvu yake ilingane ndi choopsa chimene chakufikirani. Wakuba akayamba kuthawa inu n'kumuthamangitsa n'kumubaya kumsana, sikudzitetezanso kumeneko. Ndipo ngakhale mutabaya podziteteza zenizeni, munthu akafa muyamba mwasungidwa kaye, zolongosola n'kumachitika kukhothi, kanyenya ataima. Wina asakunamizeninso za mfuti. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna chiphaso, ndipo ngakhale gogodela wosula kumudzi amamangitsa.

Mayi wa ku Santhe:
Bwana, mwafotokoza bwino, koma mtima wanga ukuwawa. Malamulo amenewa amagwira ife osauka basi. Mu June 2025 tonse tinaonera pafoni anthu akukhapa mnzawo ndi zikwanje pazionetsero ku Lilongwe, dzuwa likuswa mtengo, achitetezo ali pomwepo. Lero bambo wootcha nyama ndiye aziopa kachimpeni kake? Mlamu wanga anamulanda ndalama za soya pakhomo pake penipeni. Akanakhala ndi kanthu m'manja mwina sakanamuyerekeza.

Wakabaza, Kasungu boma:
Mayi, ululu wanu ndikuumva, koma ine ndili pamsewu tsiku lililonse. Anthu amenewa sabwera mmodzi, ndipo sakupatsa moni. Wina amakhala pambuyo pako ngati kasitomala, anzake abisala patchire, kapena amamanga chingwe chodutsa msewu. Pofika poti ukumbuke za mpeni uli kale pansi, magazi ali m'maso. Mnzathu wina ankayenda ndi mpeni mu jekete, anamubaya ndi womwewo atamulanda. Ife pa siteji yathu tinagwirizana zoti kukada sitinyamula munthu wosamudziwa kupita kumidzi, ndipo ukavuta ulendo timapita njinga ziwiri. Achimwene a kanyenya, pa Chinkhoma simuweruka nokha. Alipo a tchipisi, a mandasi, a m'magolosale olowera njira yanuyo. Dikiranani. Anthu anayi okhala ndi matochi ndi wenzulo akuba amawapewa kusiyana ndi munthu mmodzi wa mpeni.

Namwino:
Ndilankhuleko monga munthu amene amasoka mabalawa. Anthu obayidwa amene ine ndawalandira usiku, ambiri sanakumane ndi achifwamba. Anabayidwa ndi munthu womudziwa, pamowa, pa ngongole, pa nkhani ya chibwenzi. Mpeni unali kale m'thumba, wonyamulira akuba, ndiye mkangano umene ukanathera pa zibakera unathera kuchipinda cha opaleshoni. Bala la pamimba limaoneka kakang'ono kunja, munthu akuyenda yekha n'kumati ndili bwino, pamene magazi akutayikira m'kati. Bambo, inu mumagulitsa kwa anthu oledzera. Tsiku lina wina adzakana kulipira, adzakutukwanani za amayi anu, inu mutatopa, mpeni uli m'chiuno. Chimenecho ndi chimene ndikukuoperani kuposa dambolo.

Mayi wa ku Santhe:
Anamwino, zimenezo sindikutsutsa. Koma pamenepa mukuuza munthu wabwino kuti asiye chida, woipa sakuwerenga gulu lino.

Mphunzitsi, Nkhamenya:
Ndiwonjezere chimodzi kuti asamakuopsezeni mopitirira. Kungoyenda usiku si mlandu. Mu January 2017 Khothi Lalikulu linathetsa ndime ija ya vakabu imene ankamangira anthu pongowaganizira, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, venda amene anagwidwa ku Blantyre m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo. Ndiye a neba akakuimitsani, auzeni modekha kumene mukuchokera, aonetseni katundu wanu. Iwo si khothi, sangakulipiritseni chindapusa kapena kukumenyani. Pitani kwa amfumu ndi kwa wapampando wa chitetezo cha m'dera masana, akudziweni kuti mumadutsa nthawi yakuti. Muwapemphenso kuti azilondera padambopo nyengo ya fodya, m'malo mongozungulira pafupi ndi nyumba.

Ejenti wa ndalama za pafoni:
Chimene akuba akufuna ndi ndalama, si inu. Ikani pa Mpamba kapena Airtel Money kusanade, mutsale ndi yosinthira. Anthu akadziwa kuti simuyenda ndi ndalama, nkhani imafalanso ngati mmene imafalira ija yoti mumayenda nazo.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Mayi a ku Santhe, mwalankhula zimene zili mumtima mwanga, koma mawu a anamwino andilasa, chifukwa anthu okana kulipira ndimakumana nawo sabata iliyonse. Mipeni ndayamba kukulunga m'saka pamodzi ndi ziwiya, ndipo ndalankhula ndi anyamata awiri a tchipisi kuti tizinyamukira limodzi. Kwa amfumu ndipita Lamlungu.

Chatsala ndi ichi. Ma ejenti a pano amatseka cha m'ma 7, pamene malonda anga enieni amayamba nthawi yomweyo, ndipo m'mawa ndimafunika ndalama yogwirika yogulira mbuzi, poti eni ziweto kumudzi ambiri safuna za pafoni. Amene mumachita geni ya usiku, ndalama za pambuyo pa 7 mumatani nazo? Komanso bwana a ku Mtunthama, ndodo wamba yoyendera, yopanda chitsulo, nayonso ingandipezetse mlandu?