Epson LX-800 ikudula mizere pakati, ndithandizeni

Mnyamata wa ku Limbe:
Akuluakulu, kusitolo kwa bambo anga kuli printa yakale ya Epson LX-800, ija yolira ngati nyenje, ndipo zoisintha safuna kumva chifukwa ndi imene imadinda bwino pamapepala a kaboni. Pulogalamu yowerengera katundu inalembedwa mu GW-BASIC, chinenero chakale cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ndawonjezeramo danga la mtengo woodera, mzere wafika zilembo 110, ndiye ukuduka pa 80, zotsalazo n'kumagwera pamzere wapansi. Chinanso, imayamba kulemba m'mphepete penipeni, moti tikaboola pepala kuti tiike mu fayilo, manambala a katundu amadyeka. Ndiyambire pati?

Fundi wa makina akale:
Achimwene, printayo ilibe vuto. Imalemba mainchesi 8 m'lifupi, ndipo ikangoyatsidwa imaika zilembo 10 pa inchi, n'chifukwa chake mukuona 80. Muiuze ilembe zilembo zopanikizana, zija zimakwana 137 pamzere. Koyambirira kwa pulogalamu ikani izi (LPRINT imatumiza zinthu ku printa, ndipo CHR$(27) imauza printa kuti chotsatiracho ndi lamulo):

LPRINT CHR$(27);"@";CHR$(15);
LPRINT CHR$(27);"l";CHR$(16);
LPRINT CHR$(27);"Q";CHR$(130);

Mzere woyamba ukufufuta zonse zimene printa inauzidwa kale, kenako n'kupanikiza zilembo. Wachiwiri ukusiya mpata wa zilembo 16 kumanzere, pafupifupi inchi imodzi, wokwanira kuboola. Chili pakatipo ndi L wamng'ono, osati nambala 1. Ambiri amagwa pamenepa. Wachitatu ndi malire a kumanja.

Musasinthanitse ndondomekoyi. Printa imawerenga malire potengera kukula kwa zilembo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Mukayamba ndi malire zilembo zikadali zazikulu, 16 uja akhala inchi ndi theka n'kupitirira, ndipo 130 ingomunyalanyaza poti mzere umathera pa 80.

Mayi wa maakaunti:
A Fundi anena zoona, koma aiwala chimodzi. GW-BASIC nayo ili ndi khalidwe lake: ikawerenga zilembo 80 imadula yokha mzere, printa isanaone n'komwe. Pamwamba pa zonsezo lembani WIDTH "LPT1:",255 kuti isiye kulowerera. Ine ndinadinda mapeyisilipi zaka zambiri pa makina otere, ndipo pakakhala vuto anthu ankathamangira kumasula printa chonsecho nkhani ili mupulogalamu.

Poti mwayamba kale, yezaninso kutalika kwa pepala. La mainchesi 11 limatenga mizere 66, la mainchesi 12 limatenga 72. Ngati lanu ndi lalitalilo, tumizani CHR$(27);"C";CHR$(72), apo ayi tsamba lililonse mutu wake uzisuntha mpaka kukagwera pong'ambira.

Mnyamata wa ku Limbe:
Zatheka! WIDTH ija ndiyo imandizunza. Zikomo nonse. Koma mdala wangoliyang'ana pepala n'kunena kuti tizilembo tangati nyerere iye sangawerenge.

Fundi wa makina akale:
Bambo anu sakunama, makamaka pakope yachitatu ya kaboni. Chotsani CHR$(15), muikepo CHR$(27);"M". Zimenezo ndi zilembo 12 pa inchi, 96 pamzere. Kumanzere siyani 8, kumanja 96, mutsala ndi 88. Ndiye kuti muyenera kudula zilembo 22, ndipo malo ake ndi pa mayina a katundu: "Misomali ya malata mainchesi atatu" ikhoza kungokhala "Misomali malata 3". Riboni ya inki nayonso muione, ikauma ngakhale zilembo zazikulu zimatuwa.