Kagalu kanga kakukodza m'nyumba, ndichite bwanji?

Mayi a ku Mufakose:
Abale ndithandizeni, ana anga anabwera ndi kagalu ka miyezi 3 koma kakungokodza paliponse, dzulo kabiba kuseli kwa sofa pomwe alendo ali pompo manyazi ake, alandilodi ayamba kale kudandaula za fungo. Usiku timakagoneka kukhitchini chifukwa kunja kukuzizira kwambiri Juni ameneyu. Amuna anga akuti tikamenye kamva.

Achimwene a ku Highfield:
Mayi musakamenye chonde, kangophunzira kukuopani nkumakabisala kukachita kuseli komweko. Kagalu ka msinkhu umenewo sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali, maola 3 akachuluka. Kakangodzuka kapena kakangomaliza kudya katulutseni pompo, malo amodzi omwewo tsiku lililonse, muime nako ngakhale kukuzizira mpaka kachite ndiye kayamikireni, kapatseni kachidutswa ka nyama nthawi yomweyo osadikira kuti mulowe kaye m'nyumba. Mukakaona kakununkhiza pansi nkumazungulirazungulira dziwani kuti nthawi yakwana, kanyamuleni.

Anambewe:
Zoonadi achimwene. Komanso pomwe kakodzapo pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi, fungo likatsala kabwereranso pomwepo. Ine wanga anali wamkulu kale pomwe ndinamutenga, zinatenga pafupifupi mwezi koma anazolowera.

Malume a ku Mbare:
Za galu wamkuluzo ndionjezereko, ngati anali waukhondo ndiye mwadzidzidzi wayamba kukodza m'nyumba pitani naye kwa dokotala wa ziweto, mwina ndi matenda a chikhodzodzo. Kanuko mayi katemera wa chiwewe kalandira? Miyezi 3 ndiye nthawi yake.