Malaya aunyolo a ku Hastings: mphete zongogundanitsa n'zokwanira, kapena ndikhome mariveti?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale muno mu Blantyre, ndipo pa nthawi yopuma ndayamba kuluka malaya aunyolo, aja a mphete zachitsulo, onga amene asilikali a William wa ku Normandy anavala pa nkhondo ya ku Hastings, ku England, mu 1066. Ndikutsatira zithunzi za nkhondoyo za pa nsalu yopetedwa ya ku Bayeux, ku France, yomwe ndi yotalika pafupifupi mamita 70 ndipo munthu akhoza kuiona yonse pa intaneti. Ndikufuna kuti malayawo afanane ndi enieni, kuti wowanyamula amve kulemera kumene msilikali ankamva, osati akhale chovala cha sewero chabe.

Ndinagula waya wa galvanised, uja wokutidwa ndi zinki, wa mamilimita 1.6 ku Limbe. Ndikumamukulunga pa chitsulo cha mamilimita 8, n'kudula mphete, n'kuzitseka ndi mapulayazi awiri kuti nsonga zingogundana, ndipo mphete iliyonse ikukolana ndi zinzake zinayi. Kachigamba kamene ndaluka kakuoneka bwino, koma ndikakoka mwamphamvu mphete zina zikumakanuka. Kodi amisiri akale ankatseka chomwechi, kapena pali chimene ndikusiya? Ndikufunanso kudziwa chimene ankavala mkati, ndiponso ngati malaya a pa nsalu ija anali ndi miyendo, pakuti pa zithunzi zambiri akuoneka okulunga ntchafu iliyonse payokha.

Mmisiri wa ku Ndirande

Aphunzitsi, yambani mwaima kaye musanaluke chigamba chachikulu, chifukwa yankho la funso lanu loyamba lisintha waya amene mukugula. Malaya aunyolo a ku Ulaya a nyengo imeneyo sanali a mphete zongogundanitsa. Amene anapezeka m'manda a ku Gjermundbu m'dziko la Norway mu 1943, omwe ndi a m'zaka za m'ma 900, ali ndi mizere yosinthanasinthana: mzere wina ndi wa mphete zokhomedwa riveti, kamsomali kolumikiza nsonga ziwiri za mphete, wotsatira ndi wa mphete zathunthu zopanda polumikiza. Kalukidwe kameneka kanapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1300, pamene amisiri ambiri anayamba kukhoma riveti pa mphete iliyonse. Chifukwa chake mwachiona kale ndi manja anu. Mphete yongogundanitsa imadalira kulimba kwa waya yekha, choncho nsonga ya mkondo ikalowa pakati pake imakanuka, pamene yokhomedwa siitseguka pokhapokha riveti itaduka kapena wayayo atathyoka.

Ntchito ya mariveti imafuna moto, ndipo waya wa galvanised sayikidwa pamoto. Utsi woyera umene umatuluka zinki ikamapsa umadwalitsa. Ife owotcherera timaudziwa, munthu amagona thupi likutentha, m'mfundo mukuphwanya, usiku wa tsiku lomwe waupumalo. Gulani waya wakuda womangira zitsulo za konkire, amene pa malo omanga amangomutchula kuti binding wire. Ndi wofewa, alibe zinki, ndipo ndiye wayandikira chitsulo chimene akale ankasula.

Mukapeza wa mamilimita 1.2 mudzachita bwino. Tiyerekeze kuti malaya anu atenga mphete 25,000 zopangidwa ndi waya. Mphete imodzi, kuphatikizapo posanjikizana, imadya waya wa masentimita pafupifupi 3.5, ndiye kuti mukufunika waya wopitirira mamita 800. Mita imodzi ya waya wa 1.6 imalemera magalamu pafupifupi 16, pamene ya 1.2 imalemera magalamu pafupifupi 9, kotero malaya omwewo akhoza kulemera makilogalamu 13 kapena 14 ndi waya wanu uja, koma 7 kapena 8 ndi wocheperayo. Opanga mphete zongogundanitsa amakakamizika kusankha waya wonenepa kuti zisatseguke, n'chifukwa chake malaya awo amalemera kwambiri koma osalimba.

Kapangidwe kake ndi aka. Dulani mphete kuti nsonga zipitirirane mamilimita 4, muziike m'kabokosi kachitsulo pa mbaula ya makala mpaka zifiire, kenako muzisiye m'phulusa kuti zizizire pang'onopang'ono. Ikani mphete pa chitsulo cholemera chosalala, ngakhale mutu wa hamala yaikulu, mumenye posanjikizana paja mpaka paphwatalale. Kumenyako kumaumitsanso chitsulo, choncho muzibwezere pa moto musanaboole, apo ayi zidzang'aluka. Bowo lisakhale la dirilo. Nolani msomali wa konkire ukhale wosongoka bwino, muuviike m'mafuta, muboolere umenewo, chifukwa umakankhira chitsulo m'mbali osachichotsa, ndipo kamlomo kamene kamatuluka kunsi n'kamene kamagwira riveti. Rivetiyo ndi kachidutswa ka waya wowonda. Pa nyengo yanuyi ikhale yozungulira. Ya makona atatu inafala pambuyo pake, makamaka m'madera a ku Germany.

Mphete zathunthu musavutike nazo nokha. Amisiri a mbaula ndi ndowa mu msika wa Ndirande amaboola zitsulo tsiku ndi tsiku, ndipo mukawapatsa chitsanzo akhoza kukudulirani pa chitsulo chakuda cha milimita imodzi, osati pa malata. Mawashala a mu hardware ndi otambalala kwambiri. Mukapeza mphete zathunthuzo, theka la mphete zanu silidzafuna riveti. Za mkati, sokani chovala chokhuthala cha thonje, pakuti unyolo umaletsa kuchekedwa koma suletsa fupa kuthyoka.

Mayi wosoka wa ku Zingwangwa

Zimene anena bambo a ku Ndirande pa mphete ndikugwirizana nazo zonse, koma pa chovala chamkati ndikupempha kuti tisathamange. N'zoona kuti chovala chokhuthala chimathandiza, koma aphunzitsi atchula chaka, ndipo chakacho ndi 1066. Palibe chovala chotere cha nthawi imeneyo chimene chinasungidwa. Umboni womveka umabwera patapita zaka zoposa 100, mwachitsanzo m'lamulo la zida limene Mfumu Henry II ya ku England inakhazikitsa mu 1181, lomwe linalamula anthu a m'matauni ndi mfulu wamba kukhala ndi chovala chokhuthala, chisoti chachitsulo ndi mkondo. Chovala chodziwika cha Mfumu Charles VI ya ku France, chosungidwa ku Chartres, chinaikidwadi thonje losapota pakati pa nsalu, koma ndi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Mukatenga unyolo wa ku Hastings n'kuuveka pamwamba pa chovala cha ku Chartres, mwasonkhanitsa anthu awiri otalikirana zaka 300. Ine ndikanasoka malaya amkati a bafuta ndi mkanjo waubweya wofika m'mawondo, wonga mikanjo imene ikuoneka pa nsalu ya ku Bayeux yomweyo. Bulangete laubweya lopyapyala ndi nsalu za patebulo za bafuta zimapezeka pa kaunjika ku Limbe, bola munthu akhale wodekha pofufuza. Ndiwonjezere kuti amene anavalapo chovala cha thonje chokhuthala pa dzuwa la Okutobala muno sangachilakelakenso.

Nsalu ya ku Bayeux iwerengedwe mosamala, chifukwa opeta ake ankagwira ntchito ndi singano ndi ulusi waubweya, ndipo sakanatha kuonetsa mphete za mamilimita 8. Pena anapeta timagudumu tatikulu, pena mizere yopingasana. Samuel Meyrick, katswiri wa zida wa m'zaka za m'ma 1800, anatenga kusiyana kwa zithunzi zamtunduwu ngati mitundu yosiyana ya zovala, ina ya mphete zosokerera pa nsalu kapena pa chikopa. Ofufuza a masiku ano anasiya maganizo amenewo chifukwa palibe chovala chotero cha ku Ulaya wa nthawi imeneyo chimene chinafukulidwa, komabe amabwerabe m'mafilimu ndi m'mabuku a ana.

Funso la miyendo limayankhidwa ndi nsalu yomweyo. Yang'anani m'mphepete mwa mmunsi, pamene nkhondo yafika pachimake, muona anthu akuvula akufa malaya aunyolo powakokera kumutu. Chovala cha miyendo sichikanavulika motero. Ambiri amamva kuti malayawo anali ong'ambidwa kutsogolo ndi kumbuyo kuyambira m'chiuno, kuti munthu akwere hatchi, ndipo mbali ziwirizo zikagwera pa ntchafu zimaoneka ngati kabudula. Onaninso pamene akukweza katundu m'zombo, pomwe anthu awiri anyamula malaya pa mtengo wopisidwa m'manja mwake.

Chimene oyamba kumene amachinyalanyaza ndi kudula kwa chovala. Malaya aunyolo si thumba la makona anayi. Mizere iyende mozungulira thupi kuti chovala chizitambasuka munthu akamapuma, ndipo pamene pakufunika kukula, monga pa mapewa kumsana ndi m'munsi mwa chiuno, mumalowetsa mphete yowonjezera mu mzere, monga woluka dengu amawonjezera nsungwi kuti litambalale. Kukhwapa ndiye kovuta, chifukwa mizere ya thupi ndi ya mkono imakumanako mopingasa. Kuti muone mmene akale ankachitira, tsegulani zithunzi za nyumba zosungiramo zinthu zakale za Wallace Collection ya ku London, Royal Armouries ya ku Leeds ndi Metropolitan Museum ya ku New York, zomwe zambiri zimalembedwa ndi miyeso ndi kulemera kwake. Muzikumbukira kuti malaya ambiri athunthu kumeneko ndi a m'zaka za m'ma 1300 kupita mtsogolo. Akale kwambiri, onga amene amati ndi a Wenceslas Woyera ku Prague, ndi owerengeka. Ndipo musaiwale lamba, chifukwa ndiye amachotsa gawo la katundu pa mapewa n'kuliika m'chiuno.

Wokonda mbiri wa ku Chichiri

Aphunzitsi, chigamba chanu cha mphete zongogundanitsa musachitaye, pakuti chili ndi kwawo, kungoti kwawoko si ku Normandy. Ena mwa malaya aunyolo a ku Sudan a m'zaka za m'ma 1800, a nthawi ya Mahdi, mtsogoleri wachisilamu wa kumeneko, ndi a mphete zotsekedwa chomwecho, ndipo A. J. Arkell analemba mu 1956 za mmene malaya otere ankapangidwira ku Omdurman. Unyolo unapitiriza kuvalidwa mu Africa pamene ku Ulaya anali atausiya kale. Mbiri yolembedwa ya mafumu a ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, imati mfumu Kanajeji, yomwe inalamulira cha m'ma 1400, ndiyo inabweretsa zisoti zachitsulo, malaya aunyolo ndi zovala zokhuthala za thonje zotchedwa lifidi. Dixon Denham ndi Hugh Clapperton, oyendera maiko a ku Britain, atafika mu ufumu wa Bornu, kufupi ndi nyanja ya Chad, mu 1823 analandiridwa ndi asilikali a pa hatchi ovala unyolo. Kumeneko chovala cha thonje chimene bambo a ku Ndirande akunena chili ndi umboni wokwanira, ndipo chinkavekedwa hatchi yomwe.

Kuno kwathu chitetezo cha msilikali chinali chishango, monga cha chikopa cha ng'ombe chimene Angoni anabwera nacho atawoloka Zambezi mu 1835. Koma luso limene unyolo umayambira, lokoka waya, linalipo m'chigwa cha Zambezi. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Siavonga ku Zambia, m'manda amene anapezeka mu 1960, munali mbaniro, nyundo ndi zitsulo za mabowo zokokerapo waya wamkuwa, amene ankapangira zibangili. Mmisiri wa ku Ulaya ankachita zomwezo ndi chitsulo: kusula kamtengo kowonda, kukakoka pa bowo, kukafewetsa pamoto, n'kukakokanso pa bowo locheperapo. Ngati malayawo adzafika m'kalasi, ndikuganiza kuti ana adzamvetsa bwino mtengo wake akaona chitsulo chokokerapo waya pambali pake, chifukwa mamita 800 amene inu mugula pa sitolo tsiku limodzi, akale ankawakoka ndi manja.

Mmisiri wa ku Ndirande

Mayi, pa za chaka mwanena zoona, ndipo aphunzitsi asankha okha. Ine ndingoumirira kuti ubweyawo ukhale wolukidwa mothithikana, chifukwa mitu ya mariveti imadya nsalu yofewa, ndipo pokhoma aonetsetse kuti mitu yonse yayang'ana kunja.

Chatsala ndi dzimbiri. Waya wakuda alibe chomuteteza, ndipo chinyezi cha chiperoni m'mwezi wa Juni ndi Julayi chimamufiiritsa ngakhale ali m'nyumba, osanena za dzinja. Akale ankaika malaya mu mbiya yamatabwa pamodzi ndi mchenga n'kumaigubuduza. Inu mukhoza kuchita zomwezo ndi chigubu chapulasitiki cha malita 20 chodula pakamwa, kapena thumba lolimba, ndi mchenga wouma wa kumtsinje wosefa bwino. Mukatulutsa, kunthani mchenga wonse, mupake mafuta a makina osokera pang'ono, mupukute ndi chiguduli. Mafuta ophikira ayi, amamata ndipo amanunkha akakhalitsa. Musawasunge m'jumbo, chifukwa imatsekera chinyezi mkati. Akulungeni m'nsalu ya thonje yokhala ndi timafuta, ndipo muwaike pa alumali, osati pa simenti.