Ndiyambire pati pa maphunziro a chitetezo cha makompyuta?

Wophunzira wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili m'chaka choyamba ku koleji, ndipo teremu ikubwerayi tiyamba phunziro la chitetezo cha netiweki. Panopa ndili patchuthi kwathu kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndi laputopu yakale ya RAM ya 4 GB imene bambo anandigulira atagulitsa fodya. Anzanga akuti ndingoikamo Kali Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yodzaza ndi zida zoyesera chitetezo, n'kumayesa kuthyola Wi-Fi ya anthu, ati ndimo mmene munthu amaphunzirira, koma mtima wanga ukukayika. Kodi ndiyambire pati, poganiziranso kuti bandulo ndi yodula ndipo magetsi amathimathima?

Wokonza makompyuta pa Kasungu boma:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayambe. Kali Linux ili ngati bokosi la zipangizo za makaniko, ndipo munthu wosadziwa mmene injini imayendera akalitsegula amangoononga galimoto. Yambani ndi kumvetsa mmene uthenga umayendera kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake: IP address n'chiyani, netiweki imagawidwa bwanji m'timagawo totchedwa subnet, ndiponso DNS imasandutsa bwanji dzina la webusaiti kukhala manambala. Dziwaninso makomo amene timawatcha ma port, monga 22 wa SSH (wolowera m'kompyuta ina muli patali), 53 wa DNS, 80 wa HTTP ndi 443 wa HTTPS (onse awiri ndi a mawebusaiti, koma HTTPS imabisa uthenga), chifukwa ntchito ya firewall ndi kusankha khomo loti litseguke ndi loti litsekedwe, ndipo simungalondere nyumba imene simukudziwa kuti ili ndi zitseko zingati.

Tsitsani Cisco Packet Tracer usiku bandulo ikatchipa. Mmenemo mudzamanga netiweki yonse yongoyerekeza ya ma router ndi ma switch popanda kugula ngakhale waya umodzi. Kenako ikani Wireshark, pulogalamu yoonera uthenga wodutsa pa netiweki, mulumikize laputopu ku hotspot ya foni yanu, muziyang'ana zimene zikudutsa mukatsegula webusaiti. Ine tsiku limene ndinaona ndi maso anga pasiwedi yanga ikudutsa poyera pa HTTP ndi limene ndinamvetsa zimene aphunzitsi ankanena chaka chonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo, Mchinji:
Mwana wanga, za Wi-Fi ya eni akezo zisiyeni ndithu. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016, ndipo kulowa m'kompyuta kapena m'netiweki ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutanena kuti mumangophunzira. Akatswiri enieni amayamba alandira chilolezo cholembedwa kwa mwini wake.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ophunzira ambiri amathamangira makina n'kuiwala anthu. Mayi anga aang'ono anaberedwa ndalama zonse za mtedza pafoni, ndipo wakubayo sanathyole chilichonse: anangoimba n'kunena kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, iwo n'kumuuza okha PIN yawo. Ku koleji adzakuphunzitsani kuti zimenezi ndi social engineering, koma kuno kumudzi ndi misozi ya mayi amene walima chaka chathunthu. Mukamaphunzira, muziganizira mmene mungafotokozere agogo anu m'Chichewa chomveka kuti PIN sauza munthu.

Woyang'anira netiweki, wochokera ku Nkhamenya:
Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma laputopu yanuyo musaiderere. Ikani VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa laputopu yanu, ndipo mmenemo muikemo Metasploitable 2, kompyuta yongoyerekeza imene inapangidwa dala ndi zibowo kuti anthu aziphunzirirapo ndipo imakwana pa RAM ya 512 MB. Muiike pa host-only kuti isakhudzane ndi intaneti, kenako muiunike ndi pulogalamu ya Nmap, muone makomo otseguka, muyese kuwatseka limodzilimodzi. Pamenepo mukuthyola nyumba yanu yomwe, ndipo palibe wokuimbani mlandu.

Dziwaninso kuti ntchito yathu yambiri ndi yosasangalatsa: kuika ma update, kusunga backup kwina, ndi kuwerenga ma log (zolemba za zimene zachitika m'makina) m'mawa uliwonse. Pulogalamu yoipa yotseka mafayilo n'kufuna dipo yotchedwa WannaCry itafalikira mu Meyi 2017 inadutsira pa port 445 n'kusokoneza zipatala za ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake m'mwezi wa Malichi. Kuno kwathu tonse tikukumbuka mmene kusindikiza mapasipoti kunaimira kumayambiriro kwa 2024, boma litalengeza kuti makina ake alowedwa ndi achiwembu ofuna dipo.

Wophunzira wa ku Santhe:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu aphunzitsi a ku Kamwendo, chifukwa azakhali anganso anaberedwa m'njira yomweyo. Packet Tracer nditsitsa usiku uno magetsi akayaka. Achimwene a ku Nkhamenya, kodi Nmap ndiiike pa Windows pomwepa, kapena ndiyambe ndaika Ubuntu, mtundu wina wa Linux?