Kujambula zithunzi zakuda ndi zoyera m'kamera momwe, kapena kuchotsa mitundu pa kompyuta?

Wophunzira_kujambula

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mwezi watha ndinapita ku Mulanje ndi kamera yanga ya Canon, ndipo ndinaitchera pa Monochrome chifukwa ndinkafuna zithunzi zakuda ndi zoyera za phiri ndi minda ya tiyi. Chithunzi chimene ndinkachidalira kwambiri ndicho chinandigwetsa ulesi, pakuti mayi wina amene ankadutsa m'mphepete mwa munda atavala chitenje chofiira anangomira m'masamba, chitenje ndi tiyi zitatuwa mofanana. Mnzanga akuti ndikanajambula ndi mitundu yonse n'kudzaichotsa pa kompyuta. Kodi kusiyana kulipodi, kapena ndi nkhani ya kukonda kwa munthu?

Wakale_pantchito

Kusiyana kulipo, achimwene, ndipo kwagona pa mtundu wa fayilo imene munasunga. Sensa ya kamera yanu, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera, imalandira mitundu nthawi zonse, ngakhale muitchere bwanji, chifukwa pamwamba pake pali timafyuluta ting'onoting'ono: pa timadontho tinayi tilitonse, tiwiri n'tobiriwira, kamodzi n'kofiira, kenako ka buluu, monga anakonzera Bryce Bayer wa ku Kodak m'zaka za m'ma 1970. Mukasankha Monochrome n'kusunga JPEG yokha, imene ndi fayilo ya chithunzi chokonzedwa kale ndi kamera, kamera imagamula yokha kuti mtundu uliwonse utuwe motani, ndipo ikatero mitunduyo imaitaya osabwereranso. Chofiira ndi chobiriwira zikakhala zowala mofanana zimasanduka kutuwa kumodzi, ndiye n'zimene zinameza mayi uja.

Mukanasunga RAW, fayilo imene imasunga zonse zimene sensa yalandira kuphatikizapo mitundu, bwenzi pano mutatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom kapena ya darktable (yachiwiriyi ndi yaulere), n'kukweza chofiira kuti chitenje chiwale, n'kutsitsa chobiriwira kuti tiyi ade, n'kutsitsanso buluu kuti mitambo ya pamwamba pa phiri ioneke bwino. Dziwaninso kuti JPEG imasunga masitepe 256 okha kuchokera pakuda kufika poyera, pamene RAW ya mabiti 14 imasunga 16,384, n'chifukwa chake thambo la mu JPEG limayamba kuoneka mizeremizere mukalikoka kwambiri.

Mayi_wa_kamera

Bambo anena zoona pa za fayilo, koma ine sindikuvomereza kuti kutchera Monochrome kunali kulakwa. Diso la munthu limanyengeka ndi mitundu, moti duwa lofiira limatikopa ngakhale kuwala pamalopo kuli kosalongosoka, pamene chithunzi chakuda ndi choyera chimadalira kuwala, mthunzi ndi mizere basi. Ine ndimatchera RAW+JPEG, kutanthauza kusunga mafayilo onse awiri, Monochrome ili chiyatsire, kuti ndiziona kutuwako pa sikirini ndikadali pamalopo, mitundu itasungika mu RAW. Inu mukanayang'ana pa sikirini nthawi yomweyo, mukanaona kuti chitenje chamira, ndipo mukanasuntha mpaka mayiwo ataima pamene kumbuyo kwawo kuli thambo.

Mu Monochrome ya Canon muli malo olembedwa Filter effect, mmene mungasankhe chikasu, olenji, chofiira kapena chobiriwira, ndipo chofiira chikanawalitsa chitenje n'kudetsa tiyi ngakhale mu JPEG. Koma pojambula nkhope chenjerani nacho, chifukwa chikanyanya munthu wa khungu lakuda amatuluka wotuwa ngati sanadzole mafuta. Ndipo musadzidzimuke mukaona kuti RAW yatseguka ndi mitundu mu Lightroom, pakuti ndi mmene imachitira. Pulogalamu ya Canon yeniyeni, Digital Photo Professional, ndiyo imasunga zimene munatchera m'kamera.

Wa_ku_Lilongwe

Ndingoonjezerapo kuti makamera amene amajambuladi zakuda ndi zoyera ndi aja opanda timafyuluta ta mitundu pa sensa, monga Leica M Monochrom imene inatuluka mu 2012 ndi Pentax K-3 Mark III Monochrome ya mu 2023. Zithunzi zake zimatuluka zosalala ngakhale pamdima, koma amene akufuna kudetsa thambo amayenera kumanga fyuluta yagalasi kutsogolo kwa lenzi monga ankachitira a nthawi ya filimu, popeza mulibe mitundu yoti adzasakanize pambuyo pake.

Wophunzira_kujambula

Zikomo kwambiri nonse. Ndafufuza pa memori khadi ndipo ndapeza kuti ndinasunga JPEG yokhayokha, kotero chithunzi chija chapita. Ndatchera kale RAW+JPEG, kungoti khadi langa la 16 GB lizidzaza msanga, choncho ndiyamba ndagula lina ndisanabwerere ku Mulanje.